Fisi Sanathyole Khola, Anachita Kumutsegulira

Sabata yatha mnzathu wina anaponya kavidiyo pa gulu lathu la WhatsApp, lija la amene tinamaliza limodzi ku koleji. Kanali ka Benito Mussolini ali pakhonde, chibwano m'mwamba, manja m'chiuno, chinamtindi cha anthu chikukuwa pansi. M'munsi mwake mnzathuyo analembamo kuti: "Awa ndiye anali amuna aise. Sankapempha, ankangotenga." Ena anaseka, ena anaika timoto. Wina, pofuna kuoneka wowerenga, anayankha kuti ngakhale Hitler anasankhidwa ndi anthu, ndiye demokalase yomwe timaitamayi ndi imene inamubala.

Ndinangoti zii pa gulupo, poti kukangana ndi anthu 40 nthawi imodzi kumangotha bandulo. Koma nkhaniyi yandikhala pakhosi, ndiye ndiilavulira pano.

Anzanga awiriwa onse akulakwitsa, ndipo bodza limene ameza ndi lomwe afasisti eni akewo ankafuna kuti dziko limeze: loti anali chimphepo chosatchingika, anthu amphamvu amene anatenga boma ndi dzanja lawo. Mussolini sanatenge boma. Hitler sanapambanepo theka la mavoti pa chisankho chaufulu. Onse awiri anachita kupatsidwa makiyi ndi anthu a masuti, anthu aulemu wawo, amene ankaganiza kuti alemba ganyu mlonda waukali woti adzamuchotsa ntchito ikatha.

Kusekondale tinaloweza zifukwa pamzere kuti tikhoze mayeso: pangano la Versailles, kugwa kwa chuma, kusowa kwa ntchito, kuopa chikomyunizimu. Zonsezo n'zoona ndithu, sindikuzikana. Vuto ndi loti pamzere umenewu palibe dzina la munthu. Zimangooneka ngati mvula, yomwe imagwa popanda woilamula. Chonsecho panali anthu enieni, okhala ndi maina ndi maudindo, amene anasaina mapepala.

Tiyambe ndi Italy, poti dzinali linachokera komweko. Mussolini poyamba anali wa chipani cha sosholisiti, ndipo mu 1912 anakhala mkonzi wa nyuzipepala yawo ya Avanti!. Mu 1914 anamuthamangitsa m'chipanimo chifukwa ankalimbikira zoti Italy ilowe nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Italy inalowadi, inataya asilikali oposa 600,000, ndipo ngakhale inali mbali yopambana, ambiri anabwerako akudandaula kuti pogawana zofunkha anawapatsa mafupa. Pa 23 March 1919, mu holo ina ya pa Piazza San Sepolcro ku Milan, Mussolini anakhazikitsa gulu la Fasci Italiani di Combattimento. Liwu loti fascio limangotanthauza mtolo, ngati wa nkhuni uja. M'gulumo munali asilikali akale osowa chochita, alembi okonda phokoso, ndi ena othawa kumanzere ngati iye mwini.

Ndiye mukudziwa zomwe anthu a ku Milan anachita nawo pa chisankho cha November 1919? Anawapatsa mavoti osakwana 5,000. Mpando ngakhale umodzi sanaupeze. "Mwamuna" wa mnzanga uja anali choseketsa cha mumzinda.

Chimene chinamudzutsa si luso lake la pakamwa ayi. Mu 1919 ndi 1920 Italy inali pa moto wa masitalaka. Mu September 1920 ogwira ntchito analanda mafakitale kumpoto. Kumidzi ya m'chigwa cha mtsinje wa Po, mabungwe a aganyu a m'minda anakula mphamvu mpaka ankauza mwini munda kuti alembe anthu angati ndipo awalipire zingati. Eni minda zinawawawa. Boma ankaliona ngati lofooka, ndiye anayang'ana kumbali n'kuona anyamata a malaya akuda amene ankadziwa kumenya ndipo analibe chochita. Anawapatsa ndalama. Akuluakulu ena a asilikali anawabwereka mfuti ndi malole. Apolisi anaphunzira kuyang'ana kwina. Usiku malole aja ankafika m'tauni, n'kutentha ofesi ya bungwe la antchito, n'kumenya mtsogoleri wake ndi zibonga pamaso pa mkazi ndi ana, kenako n'kumumwetsa mafuta a nsatsi mokakamiza kuti adziipitsire pagulu. Inde, nsatsi yomweyi. Ku Ferrara ankatsogolera ndi Italo Balbo, ku Cremona Roberto Farinacci. Munthu ukamenyedwa chonchi, ukadandaula kuti, pomwe wapolisi ndi woweruza amadya nyumba imodzi ndi amene wakutumira anyamatawo?

Kenako panabwera Giovanni Giolitti, nkhalakale pa ndale, amene anakhalapo nduna yaikulu kasanu. Njira yake moyo wake wonse inali yoti wovuta aliyense umulowetse m'nyumba, umupatse mpando, afewa yekha. Pa chisankho cha May 1921 anaika afasisti pa mndandanda wa mgwirizano wake. Anthu amene miyezi 18 m'mbuyomo analibe phungu anatuluka ndi mipando 35. M'nyumba ya malamulo ya aphungu 535, imeneyo ndi mipando yochepa zedi. Koma inawapatsa chinthu chimene zibonga sizikanawapatsa: ulemu. Tsopano anali "olemekezeka".

Tifike pa ulendo wotchuka uja wa ku Rome, wa October 1922, umene zithunzi zake zimakometsedwa mpaka lero. Anyamata a malaya akuda amene anasonkhana kunja kwa mzinda sanapitirire 30,000, ambiri opanda mfuti zenizeni, anjala, atanyowa ndi mvula. Mu Rome munali asilikali a boma okwanira kuwabalalitsa. Nduna yaikulu Luigi Facta inakonza lamulo lopatsa asilikali mphamvu zowaletsa, n'kupita nalo kwa mfumu Victor Emmanuel III m'mawa wa pa 28 October. Mfumu inakana kusaina. Basi. Nkhani yonse inathera pa cholembera chimene sichinakhudze pepala. Nanga Mussolini anali kuti pa nthawiyi? Anali ku Milan, pafupi ndi malire a Switzerland, kudikira kuona komwe mphepo ilowere. Atalandira uthenga woti mfumu ikumufuna kuti apange boma, anakwera sitima ya usiku, ya mabedi, n'kufika ku Rome pa 30 October. Anyamata aja anawalola kulowa mumzinda kudzaguba bwana wawo atapatsidwa kale udindo. Mnzanga, amene "sankapempha" uja anadikira telegalamu.

Ndipo nyumba ya malamulo, momwe iye anali ndi kagulu kochepa, inamuvomereza ndi mavoti 306 kwa 116. Giolitti anavotera mbali yake. Mu 1923 aphungu omwewo anavomereza lamulo la Acerbo, loti chipani chimene chatsogola, bola chapeza 25 peresenti, chizitenga magawo awiri mwa atatu a mipando yonse. Anadzisokera okha thumba lowaikamo.

Mpata womaliza unabwera mu 1924. Phungu wa sosholisiti, Giacomo Matteotti, anaimirira m'nyumba ya malamulo pa 30 May n'kufotokoza mmene chisankho cha chaka chimenecho chinaipitsidwira ndi ziwawa ndi chinyengo. Pa 10 June anamugwira masanasana mu Rome, kumuponya m'galimoto, kumupha. Mtembo wake unapezeka mu August. Dziko linanyansidwa, anthu anayamba kuvula mabaji a chipani, Mussolini anagwedezeka kwenikweni. Otsutsa anatuluka m'nyumba ya malamulo n'kumadikira kuti mfumu imuchotse. Mfumu sinachite kanthu. Nyumba ya Senate inamupatsanso chikhulupiriro, ndipo ngakhale Benedetto Croce, katswiri wamkulu wa maphunziro m'dzikomo, anavotera boma ulendo umenewo (anadzatembenuka pambuyo pake, madzi atafika kale m'khosi). Pa 3 January 1925 Mussolini anauza aphungu kuti zonse zachitika akuzisenza yekha, ndipo amene akufuna kumuimba mlandu ayese. Palibe anayesa.

Ya ku Germany imandipweteka kwambiri chifukwa anali ataonera kale ku Italy. Chaona mnzako chapita, paja amatero.

Hitler anayesadi kutenga boma ndi mphamvu, kamodzi. Munali mu November 1923 ku Munich, kuyambira m'holo yomweramo mowa. Apolisi anaombera, gulu linabalalika, iye anathawa n'kugwidwa patapita masiku awiri. Apa ndiye poonera zomwe zimachitika boma likaima nji: zinatha m'mawa umodzi. Koma taonani zotsatira zake. Mlandu woukira boma, apolisi anayi atafa, khoti linamupatsa zaka zisanu, n'kukhalamo miyezi pafupifupi 9 yokha ku ndende ya Landsberg, akulandira alendo ndi kulemba buku lake. Sanali n'komwe nzika ya Germany, anali wa ku Austria, ndipo lamulo linkalola kumupitikitsa. Oweruza anakana, ati munthu wokonda Germany chonchi sangathamangitsidwe. Unzika anadzaupeza mu February 1932, boma la chigawo cha Braunschweig litamupangira kaudindo kongopeka.

Pa chisankho cha 1928 chipani cha Nazi chinapeza 2.6 peresenti. Kenako chuma cha dziko lonse chinagwa, ndipo pofika 1932 anthu 6 miliyoni ku Germany analibe ntchito. Mavoti a Nazi anakwera kufika 18.3 peresenti mu 1930, kenako 37.3 peresenti mu July 1932. Pano sindinamizira: anthu mamiliyoni anavotera Hitler ndi manja awo, akudziwa bwino zimene ankanena za Ayuda, poti sankabisa. Anthu amenewo sindikuwachotsera mlandu. Koma mnzanga wa "demokalase inamubala" uja awerengenso manambalawa. Pa anthu 100 aliwonse, 63 anamukana pa nthawi imene anali pamwamba penipeni. Mu April chaka chomwecho anagonja kwa Paul von Hindenburg pa chisankho cha pulezidenti. Mu November anataya mavoti 2 miliyoni n'kutsika kufika 33.1 peresenti. Chipani chinali m'ngongole, ndipo mu December mmodzi wa akuluakulu ake, Gregor Strasser, anatula pansi maudindo. Moto unali utayamba kuzilala.

Komanso demokalase imene akuti inamubalayo inali itagonekedwa kale pa mphasa. Kuyambira 1930 boma la Heinrich Brüning linkalamulira ndi malamulo apadera a pulezidenti pansi pa gawo 48 la malamulo a dziko, osadalira nyumba ya malamulo. Mphamvu zenizeni zinali m'manja mwa kagulu kozungulira Hindenburg, nkhalamba ya zaka 85. M'kagulu kameneka munali Franz von Papen, munthu wa banja lapamwamba, wokonda mahatchi, amene anakhala mtsogoleri wa boma kwa miyezi yochepa mu 1932 kenako n'kugwetsedwa ndi mnzake, Kurt von Schleicher. Papen zinamuwawa. Pa 4 January 1933 anakumana ndi Hitler mwachinsinsi ku Cologne, m'nyumba ya mkulu wa banki Kurt von Schröder. Patatha milungu yosakwana inayi, pa 30 January, Hindenburg, amene kwa nthawi yaitali ankanyoza Hitler ngati kopolo wamba, anamulumbiritsa kukhala mtsogoleri wa boma.

Masamu a Papen ankaoneka anzeru papepala. M'nduna zonse, a Nazi anali atatu okha: Hitler, Wilhelm Frick ndi Hermann Göring. Ena onse anali anthu ake a Papen ndi anzake osunga mwambo. Iye mwini anali wachiwiri, ndipo khutu la pulezidenti linali lake. Ankauza omuchenjeza kuti Hitler angomulemba ganyu, ndipo m'miyezi iwiri adzakhala atamupanikizira pakona. Anaiwala kuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Frick anapatsidwa unduna wa za m'dziko, Göring anagwira apolisi a Prussia, chigawo chachikulu kuposa zonse. Ena anatenga maudindo ambiri, iwo anatenga apolisi.

Zotsalazo zinayenda mothamanga. Pa 27 February nyumba ya malamulo ya Reichstag inapsa, ndipo m'mawa mwake Hindenburg anasaina lamulo loimitsa ufulu wolankhula, wosonkhana ndi wa nyuzipepala. Pa 5 March, otsutsa ali m'ndende ena akubisala, a Nazi anapezabe 43.9 peresenti yokha. Pa 22 March msasa wa Dachau unalandira akaidi oyamba. Pa 23 March aphungu anavomereza lamulo lopatsa boma la Hitler mphamvu zopanga malamulo popanda iwo, mavoti 444 kwa 94. Okana onse 94 anali a chipani cha Social Democratic, motsogozedwa ndi Otto Wels. Aphungu 81 achikomyunizimu sanaloledwe n'kulowa komwe. Chipani cha Akatolika cha Centre chinavomera chitalonjezedwa pakamwa kuti tchalitchi sichidzakhudzidwa. Akumanzere nawonso ali ndi gawo lawo pa mlanduwu, tisabise: kwa zaka zingapo achikomyunizimu, pomvera Moscow, ankati mdani wamkulu ndi a Social Democratic, mpaka anakumana onse m'misasa imodzi.

Wina anena kuti, chabwino, koma ndi umphawi ndi mkwiyo umene unalipo, zikanachitikabe. Ayi, ndipo umboni ulipo, chifukwa magulu otere anaphuka pafupifupi m'dziko lililonse la ku Ulaya, koma si konse komwe anadya.

Ku Finland kunali gulu la Lapua, loopsa ndithu. Linkaba anthu n'kukawataya ku malire a Soviet Union, ndipo mu 1930 linaba ngakhale pulezidenti wakale, Kaarlo Ståhlberg, pamodzi ndi mkazi wake. Linathandiza P. E. Svinhufvud kukhala pulezidenti mu 1931, ndiye linkamuwerengera ngati wawo. Mu February 1932 anthu ake anasonkhana ndi mfuti ku Mäntsälä kufuna kugwetsa boma. Svinhufvud, munthu wodana ndi chikomyunizimu ngati iwo omwe, analankhula pa wailesi kuwauza kuti abwerere kwawo. Asilikali anamvera boma, kuukirako kunazima, ndipo gululo linaletsedwa pogwiritsa ntchito lamulo lomwe iwo eni analimbikitsa kuti likhazikitsidwe polimbana ndi achikomyunizimu.

Ku Belgium mnyamata wolankhula mokoma, Léon Degrelle, ndi chipani chake cha Rex anapeza mipando 21 mu 1936, kuchoka pa ziro. Mu April 1937 anakakamiza chisankho chapadera ku Brussels kuti aonetse mphamvu. Pafupifupi zipani zina zonse, kuyambira Akatolika mpaka achikomyunizimu, zinaima kumbuyo kwa munthu mmodzi, nduna yaikulu Paul van Zeeland. Kadinala van Roey anauza Akatolika poyera kuti Rex ndi yoopsa. Degrelle anapeza 19 peresenti, ndipo sanadzukenso mpaka asilikali a Hitler atalowa m'dzikomo mu 1940 n'kumutola. Ku Britain, Oswald Mosley ndi anyamata ake a malaya akuda sanapambanepo mpando wa ku nyumba ya malamulo. Chipani cha Conservative sichinkawafuna, anthu a kum'mawa kwa London anawatsekera njira pa Cable Street mu October 1936, ndipo boma linaletsa mayunifolomu a zipani.

Sindikunena kuti otseka chitsekowa anali angelo. Britain yomweyo inkalamulira agogo athu popanda kuwafunsa. Ndipo apa pali chinthu chimene chimandinyansa ndikaona Mwafrika akuika timoto pa vidiyo ya Mussolini. Anthu aulemu a ku Ulaya anamukonda munthu ameneyu kwa zaka zambiri. Winston Churchill anapita ku Rome mu 1927 n'kumuyamikira pamaso pa atolankhani. Nthawi imene ankamuyamikirayo, asilikali ake anali kale pa ntchito ku Libya, komwe pambuyo pake anatsekera anthu a ku Cyrenaica m'misasa n'kufa miyandamiyanda, ndipo mu September 1931 anapachika Omar Mukhtar, nkhalamba ya zaka zoposa 70, anthu ake atakakamizidwa kuonerera. Mu October 1935 analowa Ethiopia, pofuna kufafaniza manyazi a ku Adwa komwe Italy inagonja mu 1896. Anathira mpweya wapoizoni kuchokera m'ndege. Britain ndi France, m'malo moletsa, nduna zawo Samuel Hoare ndi Pierre Laval zinakonza mwachinsinsi zomupatsa gawo lalikulu la dzikolo kuti akhale chete. Njira yomwe ija ya Giolitti: mupatseni kanthu, afewa. Mu February 1937, anthu atayesa kupha Rodolfo Graziani ku Addis Ababa, afasisti anapha anthu zikwizikwi mumzindamo kwa masiku atatu, kenako n'kukapha amonke a ku Debre Libanos.

Ndipo amene anakathandiza kuwatulutsa kumeneko mu 1940 ndi 1941, mwa ena, anali asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland konkuno. Mwina agogo a mnzanga woponya vidiyo uja anali m'gulumo, atanyamula mfuti ya mfumu ya ku England kukamenyana ndi "mwamuna" amene mdzukulu wawo akumusirira lero pa foni.

Chimene chimakopa anzanga ndikuchimvetsa, sindine mlendo. Ukakhala ndi digiri m'chikwama zaka zitatu, ukuona amene akuba akungosinthana mipando, mtima umalakalaka wina wobwera ndi chikwapu. Anyamata a ku Ferrara ndi Munich nawonso ankamva chimodzimodzi, ndipo ambiri mwa iwo anali ophunzira: ku Germany a Nazi analanda bungwe la ophunzira a m'mayunivesite mu 1931, boma asanalinunkhe n'komwe. Koma chikwapu chimene ankachifunacho sichinagwere akuba a pamwamba. Eni minda a m'chigwa cha Po anasunga minda yawo. Eni mafakitale anasunga mafakitale, mabungwe a antchito atathetsedwa. Anyamata okuwa m'misewu aja ndi amene anakaundana ndi chisanu ku Russia.

Nanga otsegula khola aja zinawathera bwanji? Schleicher anaomberedwa m'nyumba mwake pamodzi ndi mkazi wake pa 30 June 1934, usiku umene Hitler anapha adani ake ndi anzake omwe. Tsiku lomwelo anapha Herbert von Bose, wothandizira Papen, mu ofesi ya Papen momwemo, ndipo Edgar Jung, amene ankamulembera zolankhula, anaphedwanso. Papen anamutsekera m'nyumba masiku angapo. Munthu ukanaganiza kuti apa ndiye aphunzira. Patangotha milungu yochepa anavomera kukakhala kazembe wa Hitler ku Vienna, kenako ku Ankara mpaka 1944. Mfumu Victor Emmanuel inadzachotsa Mussolini mu July 1943, patatha zaka zoposa 20, adani atafika kale ku Sicily, zomwe zikusonyeza kuti cholembera chija inali nacho nthawi yonseyi. Inatula ufumu mu 1946 n'kukafera ku Alexandria, ku Egypt, chaka chotsatira.

Papen khoti la ku Nuremberg linamupeza wosalakwa mu 1946. Khoti lina la ku Germany linamupatsa zaka 8, koma pofika 1949 anali panja. Mu 1952 anatulutsa buku la mbiri ya moyo wake lofotokoza kuti iye ankangofuna kupulumutsa dziko. Anamwalira mu 1969, pabedi pake, ali ndi zaka 89.